Mlandu wa Njoka za M'mimba Uli pa Khoswe wa m'Nkhokwe

Kukolola kukatha, mabasi ocokera ku Chipata, Katete ndi Petauke amafika pa Intercity mu Lusaka atanyamula matumba a cimanga ndi nsawawa, ndipo m'timitolo tina mumakhala mbewa zouma zopita kwa abale ku Kabwata ndi Chelstone. Anthu ena a ku Woodlands ndi Kabulonga amanyansidwa nazo, nanena kuti ndizo zipatsa anthu njoka za m'mimba. Ife tiona kuti akuloza cala polakwika.

Ncoona kuti mbewa ndi makoswe zimakhala ndi njoka m'thupi. Mbewa ya mawere ambiri imene akatswiri amaicha Mastomys natalensis ipezeka m'minda pafupifupi mu Africa yense kumwera kwa cipululu ca Sahara, ndipo imalowanso m'nyumba. Koma mbewa imene mwaitumbula, mwaiphika ndi mcere mpaka kupsa, ndi kuiwamba pamoto, njoka zake zafa. Cofunika ndi kukwirira matumbo ake kuti agalu ndi nkhuku asawamwaze pabwalo, ndi kusamba m'manja ndi sopo.

Njira yoopsa ndi ina, ndipo ambiri saiganizira. Njoka yaphanthiphanthi yochedwa Hymenolepis diminuta, imene ingatalike kufika masentimita 60, imakhala m'matumbo a khoswe. Khoswe akasiya zitosi m'nkhokwe kapena m'thumba la ufa, tizilombo ta m'ufa timadya mazira a njokayo. Mwana akameza kacilombo kotere m'cakudya cosaphika, monga mgaiwa wobwira kapena nsawawa zaziwisi, njoka imakulira mwa iye. Mwanayo mwina sanalaweko mbewa cibadwire.

Njoka zimenezi zimafika kulikonse kumene khoswe afika. Ina yokhala m'mitsempha ya m'mapapo a makoswe inadziwika koyamba ku Guangzhou, m'dziko la China, mu 1935. Makoswe okwera zombo anaifalitsa m'zisumbu za Pacific, ndipo yapezekanso ku Egypt, Madagascar ndi South Africa. Imalowa mwa munthu kupyolera mu nkhono zokwawa pa ndiwo zamasamba, ndipo imadwalitsa ubongo. Ngati khoswe awoloka nyanja, kodi angalephere kubisala m'lole ya cimanga pa mseu wa Great East? Ndipo mipanda ya ku Kabulonga siimuletsa.

Tsono, makolo, yambani ndi nkhokwe. Ikwezeni pa nsanamira zovekedwa malata, lambulani udzu pozungulira, ndipo ufa sungani m'cotengera covundikira. Repu ndi cibwabwa tsukani tsamba ndi tsamba. Khoswe wofa yekha musamgwire ndi manja, pakuti nthata zake zimafalitsa mliri wa makoswe, monga unabuka ku Nyimba mu 2015. Mwana akamadandaula m'mimba kawirikawiri, pitani naye ku kiliniki akapime cimbudzi cake; mankhwala a njokazi alipo.