Pakhonde la kalabu ya gofu, "tonse" ndi ndani?

Lachisanu dzuwa likapendeka kumpoto kwa Johannesburg, makonde a makalabu a gofu m'midzi yampanda ngati Dainfern ndi Steyn City amadzaza. Palibe wa taye, palibe wa jekete. Abambo ali m'makabudula, angomaliza kumene mayenje 18. Amayi agwira tambula ya vinyo. Ana akuthamangitsana pakapinga opanda nsapato, ndipo palibe kholo lomwe mtima uli m'mwamba. Patebulo pafika pitsa, tchipisi ndi nyama yootcha. Ena abwera wapansi kuchokera kunyumba, ena pa timagalimoto ta batire toyendera m'bwalo la gofu. Osewera amati pamenepa ndi pa dzenje la 19, pomwe wagonja ndi wapambana amamwera pamodzi.

Ogulitsa nyumba m'malo amenewa sagulitsa njerwa zokha. Amagulitsa madzulo ngati awa: kudziwana, kupatsana moni, kudya mosadzimangira. Amati kuno tonse ndi banja limodzi. Ife tikufunsa: "tonse" ameneyu akuyambira pati, nathera pati?

Tiyambire pageti. Mwini nyumba amalowa podinda chala kapena kuonetsa nkhope pamakina. Mlendo amayenera kukhala ndi nambala yomwe womuitana wamutumizira pafoni, ndipo alonda amajambula laisensi yake ndi ya galimoto. Wantchito amalembetsedwa kaye, mapepala ake n'kuunikidwa. Kodi ndi mudzi wanji umene munthu sangati "odi" asanatulutse chiphaso? Kwathu wodutsa m'njira akakupezani mukudya mumati tiyeni tisambe, chifukwa chakudya sichichepa, chimachepa n'chovala. Nanga pakhonde pomwe aliyense wokhala pansi wasefedwa kale pageti, kumasuka komwe akunyadirako n'kwa mtima wabwino, kapena n'kwa munthu wodziwa kuti sakumana ndi yemwe sakumufuna?

Malo amalankhula kuposa otsatsa malonda. Bwalo la gofu la Dainfern analijambula ndi Gary Player, katswiri wa masewerawa ku South Africa, ndipo mudziwu unayamba kukula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ndi nthawi yomweyo imene malamulo a tsankho ankagwa. Lamulo logawa malo okhala potengera khungu, Group Areas Act, linathetsedwa mu 1991. Kodi zinangochitika mwangozi kuti mpanda wa lamulo utagwa, mipanda ya njerwa ndi waya wamagetsi inayamba kumera? Chapafupi panali zithando za Zevenfontein. Anthu ake ena anasamutsidwira ku Diepsloot, komwe kunakhazikitsidwa mu 1995 ngati malo ongodikirirapo, ena pambuyo pake ku Cosmo City. Mu 2001 ku Diepsloot kunatutidwiranso mabanja ochokera m'mbali mwa mtsinje wa Jukskei ku Alexandra. Kudikira kuja kunasanduka kukhala. Jukskei yemweyo ndi amene amadutsa m'kati mwa bwalo la Dainfern, n'kumakongoletsa zithunzi.

Pali chinthu china chomwe aliyense wodutsa kumeneko amachiona: chipaipi chachikulu chodutsa m'mwamba pa zipilala, chonyamula zonyansa za mumzinda kupita nazo kumalo oyeretsera omwe ali kufupi ndi Diepsloot. Sitikufuna kuchisandutsa fanizo. Tingofunsa chabe kuti fungo likamveka, limamveka kwambiri mbali iti ya mpanda.

Nkhaniyi si ya eni dziko okha. Aliyense amene ali ndi m'bale ku Joni akudziwa ntchito zomwe ambiri mwa anthu athu amagwira kumeneko: kusamala maluwa, kuchapa, kuphika, kulera ana, kuperekera zakudya. Pamasamba otsatsira ntchito, mawu oti munthuyu ndi Mmalawi amalembedwa ngati satifiketi. Mabwana amauzana kuti Amalawi ndi okhulupirika, aulemu, olimbikira. Timamva kukoma tikamva zimenezi. Koma tidafunsapo kuti m'kamwa mwa bwana mawu oti "waulemu" akutanthauza chiyani? Kodi sakutanthauza munthu amene sangafunse za maola owonjezera, poti pemiti yake inatha ndipo akuopa kuti akatsegula pakamwa akwezedwa basi ya ku Mwanza?

Tiwerengere pamodzi. Mu Malichi 2025, malipiro otsikitsitsa ku South Africa anaikidwa pa R28.79 pa ola. Antchito a m'nyumba anafika pa mlingo wofanana ndi anzawo onse mu 2022 mokha. M'mbuyomo lamulo lenilenilo linkalola kuti azilandira zochepera. Maola asanu ndi atatu pa mtengo umenewu ndi marandi 230 ndi timasenti. Pa ndalama imeneyo pachoke ya minibasi yopita ndi yobwerera, pachoke ya lendi ya kachipinda, pachoke yotumiza ku Mzimba kapena ku Mangochi. Kodi banja limodzi likakhala pakhonde paja Lachisanu, bilu yake ingakwane masiku angati a mayi amene wasita malaya omwe avalawo? Ndipo mpaka mu Novembala 2020, pamene Khoti Loona za Malamulo Aakulu linagamula, wantchito wa m'nyumba akavulala kapena kufa pantchito sankawerengedwa m'thumba la boma la chipukuta misozi. Mlandu umene unasintha zimenezi unachokera pa imfa ya mayi wina amene anamira m'damu losambira la bwana wake ku Pretoria. Banja limodzi lotani limene wina mwa ana ake amachita kukalembedwa ndi khoti?

Wamkachisi amadya zamkachisi, timatero. Ku gofu kulidi mwambo wotere. Osewera akamaliza mayenje asanu ndi anayi amaima pa kanyumba kodyera ka pakati pa ulendo, ndipo ulemu wa masewerawa umafuna kuti amugulireko chakudya wonyamula zibonga. Ndi mwambo wabwino. Koma amadyera kuti? Patebulo lomwelo, kapena kuseri? Amene wayenda mtunda wofanana ndi bwana, chikwama chili paphewa, n'kumuuzanso mbali yomwe kapinga wapendekera, akafika pa dzenje la 19 amakhotera kuti?

Funso limeneli lili ndi mbiri. Sewsunker Sewgolum, wodziwika kuti Papwa, anali mwana wa amphawi wa mtundu wa Chimwenye ku Durban, ndipo gofu anaiphunzira akunyamulira ena zibonga. Anapambana Dutch Open katatu, mu 1959, 1960 ndi 1964. Kwawo anapambana Natal Open mu 1963, n'kubwerezanso mu 1965 atagonjetsa Gary Player. Chithunzi chomwe dziko limamukumbukira nacho n'cha ku Durban Country Club, akulandira chikho panja mvula ikugwa, chifukwa lamulo silinkamulola kulowa m'nyumba ya kalabu. Lero lamulo lija kulibe. Pamakonde amenewa pamakhala anthu akuda ambiri, madokotala, maloya, eni makampani, ndipo n'zoyenera kutero. Komatu chitseko chija chinatsegukadi, kapena anangosintha loko, kuti pomwe pankafunika khungu tsopano pazifunika ndalama ya nyumba ndi msonkho wa mwezi ndi mwezi?

Amene akuti tikukokomeza aone za ku Mount Edgecombe, mudzi wina wa gofu kufupi ndi Durban. Malamulo ake ankanena kuti antchito a m'nyumba azilowa kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, ndipo aziyenda pabasi ya pamalopo, kuyenda wapansi pokhapokha basi ikasowa. Nkhani ya malamulo a mudziwu inakafika kukhoti, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti misewu ya m'kati mwa mpanda si ya boma, ndipo eni ake angathe kuika malamulo awo a liwiro pogwirizana ndi okhalamo. Tsono taganizani: msewu womwe bwana amayendamo ndi galu wake madzulo popita kukadya ku kalabu, mayi wolera ana ake ankayenera kuudutsa ali m'basi. Ankaopa kuti aba chiyani, mthunzi wa mitengo?

Tisaname, mantha a okhala m'mipandayi si opeka. Umbanda ku Johannesburg ulipo, ndipo kholo lofuna kuti mwana wake apalase njinga osaopa mfuti silinalakwe. Ntchito nazonso ndi zenizeni. Steyn City, yomwe Douw Steyn anaitsegula mu 2015 ndi bwalo la gofu la kampani ya Jack Nicklaus, inalemba anthu ambiri ochokera ku Diepsloot ndipo imathandizako ana asukulu kumeneko. Malata ambiri kwathu kuno anakhomedwa ndi marandi ochokera m'mipanda yotereyi. Koma umbanda umene akuthawawo umapweteka kwambiri ndani? Mu Meyi 2008 ziwawa zothamangitsa obwera zinapha anthu 62 m'dzikomo, ndipo Diepsloot inali m'gulu la malo omwe kunayaka moto. Mu Epulo 2022 bambo wina wa ku Zimbabwe anaphedwa komweko ndi gulu loyenda khomo ndi khomo kufunsa mapepala. Alonda, makamera ndi waya wamagetsi zija zinali kuteteza ndani usiku umenewo?

Nafenso tili ndi zoti tiyankhe. Ofesi zathu za ukazembe ku Pretoria ndi ku Johannesburg zimadziwa kuti anthu athu angati akugwira ntchito m'mipanda imeneyi popanda kontirakiti? Ife otsala kumudzi, tikaona m'bale watumiza chithunzi ataima pakapinga wobiriwira kutsogolo kwa nyumba yosanja, timafunsa kuti amagona kuti, kapena timangofunsa kuti atumiza liti? Ndipo ife tomwe, ku Area 43 kapena ku Namiwawa, mlonda wathu amadya chiyani pamene fungo la kanyenya likumupeza pageti?

Cha m'ma 10 koloko usiku khonde lija limayamba kuphwa. Mabanja amayenda pang'onopang'ono kubwerera kunyumba, m'misewu yowala, ana atagona pamapewa. Woperekera zakudya amapukuta tebulo lomaliza, kuwerenga kangachepe komwe amusiyira, n'kudinda chala pageti. Kuchokera pamenepo kukafika pakhomo pake, akumuperekeza ndani?