Sileti Lolankhula ndi Mwana Wophunzira Kuwerenga

Amishoni atakhazikika pa Mvera m'boma la Dowa m'chaka cha 1889, ana a m'mapiri amenewa anaphunzira zilembo pa sileti. Tsopano adzukulu awo alikulandira sileti lina lolankhula, lotchedwa tabuleti. Masewero ake, okonzedwa ndi bungwe la onebillion la ku Britain, anayesedwa pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe mu 2013, poyamba pa masamu. A kuwerenga Chichewa anadza pambuyo. Mu 2023 Unduna wa Maphunziro unayamba ntchito ya BEFIT m'sukulu 500, ndi cholinga chofikira ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za Boma, ngakhale za kumidzi ya Dowa ndi Ntchisi kumene kulibe magetsi, pakuti makinawo amadya mphamvu ya dzuwa.

Kodi nchiyani chimakoka mwana? M'kalasi lodzaza, mwana wamanyazi akhoza kutha sabata osaitanidwa dzina, ndipo akalakwa anzake amseka. Pa tabuleti amamva mawu m'chinenero cha kwawo, nakhudza chilembo ndi chala, nadziwa pomwepo ngati wakhoza. Akalakwa abwereza, palibe womuseka kapena womufulumiza. Mwana amene walawa kukhoza afuna kubweranso mawa.

Koma kukonda masewero ndi kukonda kuwerenga si chinthu chimodzi ayi. Mwana akhoza kuthamangira zithunzi ndi kulira kwa makina, mawu enieniwo osawasamala. Ndiponso nthawi ya tabuleti ndi yochepa. Ikatha, iye abwerera ku nyumba imene mwina ilibe buku lina koma Baibulo ndi buku la nyimbo. Moto wosasonkhezera sukhalira kuzima.

Chifukwa chake udindo waukulu ukhalabe pa mphunzitsi. Mawu amene mwana wakumana nawo m'masewero awaonenso pa bolodi tsiku lomwelo, ndipo apite kwawo ndi kabuku koti awerengere agogo ake. Alangizi a maphunziro poyendera sukulu asangofunsa ngati makina ali bwino. Aitane mwana mmodzi, ampatse pepala limene sanalionepo, namve kuwerenga kwake.

Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Ntchitoyi idzayesedwa tsiku limene mwana wa ku Malomo adzaimirira pa msika wa Mponela, nawerenga yekha chikwangwani popanda womuuza.