Kanani Sewero Langa, Koma Mzimba Musaisamutse

Palibe mlembi amene angakakamize munthu kulandira ntchito yake. Wopanga filimu ndiye amalipira kamera, mafuta a galimoto ndi nsima ya ochita sewero, choncho mphamvu yokana ndi yake. Zimenezo sinditsutsa. Chomwe ndikulimbana nacho ndi kakanidwe kamene kazika mizu pakati pa ena mwa opanga mafilimu m'dziko muno, kouza mlembi wa kumudzi kuti nkhani yake ingakome pokhapokha itasiya kukhala ya kwawo.

Ine ndimakhala pa Boma la Mzimba, ndipo ndidalemba sewero la pakanema la mayi wina wa kufupi ndi Embangweni. Mwamuna wake adapita ku Joni zaka 7 zapitazo. Ndalama zidasiya kubwera, foni nayo idaleka kulira. Mayiyo akufuna kubwerera kwa makolo ake, koma ng'ombe za lobola zidalandiridwa kale, zina mlongo wake adakalowolera mkazi, ndipo akachoka ana atsala kwa apongozi. Sewero limeneli ndidalitumiza kwa opanga mafilimu anayi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Onse adakana, koma kakanidwe kawo kadali kosiyana.

Woyamba sadayankhe mpaka lero. Wachiwiri adati nkhani ndi yabwino, ndikapeze bungwe loti lithandize ndi ndalama, ndipo kuti bungwe likopeke ndilowetsemo uthenga wa Edzi kapena wa maukwati a ana. Wachitatu adati Mzimba ndi kutali, ndisamutsire nkhaniyo ku Area 25, anthu ake azilankhula Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi chifukwa Chitumbuka sichingagulitse filimu.

Wachinayi yekha ndiye ndimamuvulira chipewa. Adawerenga masamba onse, nandilembera kuti anthu olankhula m'seweromo ndi 23, kuti zochitika za usiku zimafuna magetsi ndi jenereta, kuti chigawo cha ku Johannesburg chokha chingadye theka la ndalama zimene iye ali nazo. Sindidagwirizane naye pa zonse, koma uyu adanena za ntchito yanga, ndipo mawu ake ndingathe kuwayesa pa sikelo. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Kukana kotere kumamanga mlembi.

Tsono tiyeni tione uphungu wa wachitatu uja, pakuti ndi umene umamveka ngati wanzeru. Nkhani ya mayi wa ku Embangweni singanyamulidwe ngati thumba la chimanga n'kukaitsitsa ku Lilongwe. Kuno mkazi amakhala kumudzi kwa mwamuna, ndipo lobola likaperekedwa ana amawerengedwa a kuchimuna. Mukamuika mayi yemweyo pamudzi wa chikamwini, ali pa nthaka ya amayi ake, amalume ake ali pafupi, ana ndi a mtundu wake. Mwamuna akasowa, iye sasowa pogwira. Mfundo yomwe yamanga sewero lonse yamasuka pomwepo. Wondiuza kuti ndisamutse malo akundiuza kuti nditaye nkhaniyo, ndilembe ina imene iye adaizolowera kale.

Ndipo ulendo wa ku Joni si nkhani yaing'ono yoti tiziichitira manyazi. Agogo athu adapita kumigodi kudzera mu Wenela, mpaka Dr Banda adaletsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Zidzukulu zawo zikupitabe, tsopano pa basi ndi pa mathiraki. Yendani kuchokera pa Jenda kulowera ku Embangweni ndi ku Edingeni, muwerenge nyumba za malata zomangidwa ndi ndalama za ku Joni, mufunsenso kuti m'nyumbazo mukugona amuna angati. Kodi filimu ya Malawi idzafika liti pakhonde la nyumba zimenezi?

Za chilankhulo ndiye zimandiwawa kwambiri. Mu 1968 Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ya MBC, ndipo chidabwerera mu 1994. Sizoona kuti chimene boma lidaleka kuchita, ife eni luso tizichipitiriza m'dzina la msika. Ine ndimakonda Chichewa, ndi chimene ndikulembera pano, koma apongozi a ku Embangweni akamakalipira mkamwana wawo sakalipa m'Chichewa. Mawu omasulira olembedwa pansi pa kanema adabwera chifukwa cha zoterezi. Ife tidaonera mafilimu a ku Nigeria ndi a ku India osadandaula. Tingalephere kumvetsera anansi athu?

Onena kuti kumudzi sikugulitsa aone mbiri. Chiwetel Ejiofor adabwera kudzajambula The Boy Who Harnessed the Wind m'boma la Kasungu, loyandikana nafe, mbali yaikulu m'Chichewa, ndipo mu 2019 dziko lonse lidaionera pa Netflix. Shemu Joyah adaika The Last Fishing Boat ya mu 2012 pamudzi wa asodzi m'mbali mwa nyanja. Joyce Mhango Chavula adapambana mphotho ya Africa Magic mu 2016 ndi filimu ya Lilongwe, Joyah nayenso mu 2018 ndi The Road to Sunrise. Awiri omalizawa adajambula za m'tauni chifukwa nkhani zawo zidali za m'tauni. Phunziro lake ndi lakuti nkhani ikhale pamene idabadwira.

Kwa opanga mafilimu pempho langa ndi laling'ono. Mukalandira sewero, vomerezani kuti lafika. Mukakana, lembani zifukwa ngakhale mizere isanu. Ngati vuto ndi ndalama, nenani kuti ndi ndalama, musalipake pa nkhani. Chete amapha alembi ambiri kuposa mawu owawa, ndiponso amabala mantha akuti tsiku lina udzaona nkhani yako pakanema ili ndi dzina la wina. Bungwe lathu la MAWU ndi la opanga mafilimu la FAMA angathe kukhala pansi n'kugwirizana njira imodzi yolandirira ndi kuyankhira masewero.

Kwa alembi anzanga a ku Champhira, ku Luwerezi, ku Khosolo ndi kwina konse, ndikuti: musatumize nkhani pakamwa. Lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016 limateteza cholembedwa, osati ganizo lonenedwa pa foni, choncho lembani, sungani kope lokhala ndi tsiku, funsani a COSOMA. Yankho likabwera, lipeteni ngati mpunga. Lonena za kutalika kwa sewero, kuchuluka kwa anthu ndi mtengo wa chigawo, lisungeni ndi kuligwiritsa ntchito. Lonena kuti muchotse ng'ombe, chilankhulo ndi dzina la mudzi wanu, libwezeni mwaulemu. Langa ndikulikonzabe, ndipo mayi uja akadali ku Embangweni, akuyankha apongozi ake m'Chitumbuka.