Kope Likhale kwa Mwini Munda

Lachinayi lapitali, titatuluka m'chipinda chimene timakumaniramo alembi, mnzathu wina wa chaka chachinayi anandiimitsa pakhonde nandifunsa mokweza, kuti onse amve, ngati n'zoona kuti tchuthi chonse ndinathera kuphunzitsa kompyuta kuŵerenga makapu a khofi. Ndinavomera. Anthu anaseka, ngakhalenso aphunzitsi ena amene masiku onse amatilimbikitsa kulemba za moyo wathu weniweni. Mnzathuyo anaonjeza kuti, "Kwanu ku Mchinji anthu ena akudya kamodzi pa tsiku, iwe uli kalikiliki kuyeza magalamu a zakumwa za azungu." Pakhonde paja ndinasoŵa poyambira. Ndiyankha muno, poti pepala silidula munthu mawu.

Ndiyambe ndi kuulula tchimo lonse, kuti oŵeruza asavutike n'kufufuza. Ndimamwa khofi wa alimi a kumpoto, a ku Misuku ndi madera ena, amene amagulitsa kudzera m'gwirizano wawo wa Mzuzu Coffee. Poyamba tsiku lina ankatuluka wokoma, tsiku lina woŵaŵa ngati khungwa la muŵaŵani. Ndinadzazindikira kuti wolakwa sanali khofi koma ine. Ukagaya kwambiri n'kuchedwa kusefa, amaŵaŵa. Ukagaya mwamisere n'kuthamangira, amatuluka madzimadzi ndi koŵaŵasa. Pamafunika kuyeza: magalamu 15 a khofi pa magalamu 250 a madzi, kwa mphindi zitatu kapena kupitirirako pang'ono. Ndiye munthu sungakumbukire zimene unachita Lolemba lapitalo ukapanda kulemba.

Ndinatsitsa pulogalamu ina ya pafoni, ya kampani ya kunja, ndipo kwa miyezi isanu ndi iŵiri ndinkalembamo m'maŵa uliwonse. Tsiku lina inandiuza mwaulemu kwambiri kuti ngati ndifuna kuona zolemba zanga zakale, kapena kuzitulutsa, ndiyenera kumalipira mwezi ndi mwezi, ndiponso m'madola. Inu nonse mukudziŵa chimene dola lakhala kwa mwana wasukulu kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zala zolemba zinali zanga, khofi anali wanga, lilime lolaŵa linali langa, koma kope linali la eni ake amene sindidzaŵaona nkhope. Ndinalisiya komweko.

Pa tchuthi, kwathu chakufupi ndi Kamwendo, ndinatenga laputopu yakale ya amalume imene inasweka galasi, ndinaikamo Linux, n'kulemba kapulogalamu kakang'ono ka Python kosunga zonse m'fayilo imodzi ya SQLite. Ndinailumikiza ku kabokosi ka Wi-Fi kopanda bandulo, zonse zikudya batire la sola. Foni iliyonse ya pakhomo pathu ikalemba adiresi ya laputopuyo, tsamba limatseguka, popanda intaneti, popanda kupempha munthu chilolezo. Sindinama kuti zinayenda ngati madzi. Usiku woyamba adiresi inkasintha nthaŵi iliyonse kabokosi kakazima, mpaka ndinaikhomerera pamodzi. Usiku wachiŵiri ndinapeza kuti kabatire ka wotchi ya m'kati mwa laputopu kanafa kalekale, moti khofi wanga yense analembedwa kuti ndinamumwa ndili ku pulayimale. Usiku wachitatu zinatheka.

Kope langalo linandiphunzitsa chinthu chimene pulogalamu ya kunja ija inkandisocheretsa nacho. Iyo inkalangiza kuti madzi akaŵira ndidikire kaye azizireko. Langizolo n'labwino kwa munthu wokhala m'mphepete mwa nyanja yamchere, kumene madzi amaŵira pa madigiri 100. Ku Mchinji tili pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndipo madzi amaŵira pafupifupi pa madigiri 96, kumene kuli kutentha koyenera kale. Ine ndinkangoziziritsa madzi popanda chifukwa, pomvera mlangizi wosadziŵa kumene ndikukhala.

Tsono mnzanga wa pakhonde, ndikuvomera mbali imodzi. Khofi si nsima. Palibe mwana amene adzagone wokhuta chifukwa ine ndapeza kagayidwe koyenera. Ukanaima pamenepo ndikanakugulira tiyi. Koma iwe unaseka kope, ndipo pamenepo ndiye tasiyana.

Bwera kwathu mwezi wa Meyi kapena Juni, mtedza ndi soya zitakololedwa. Uime pa Kamwendo, pa Waliranji, pa Kapiri kapena pa Mkanda, uone amene ali ndi sikelo, ndi amene ali ndi cholembera. Venda wapachika sikelo yake pamtengo, kope lili pantchafu, foni ili m'manja kumuuza mtengo wa ku Lilongwe ndi wa ku Chipata. Mlimi wabwera ndi thumba panjinga ndi chikumbumtima chake basi. Sikelo ikanena kuti makilogalamu ndi akutiakuti, iye atsutsa ndi chiyani? Lamulo limafuna kuti sikelo zamalonda ziziyesedwa ndi kudindidwa ndi a Malawi Bureau of Standards, koma mlimi amene sanayezepo thumba lake kunyumba sadziŵa ngakhale pokayikira. Ukamufunsa kuti chaka chatha anagulitsa matumba angati, pa mtengo wanji, analoŵetsa zingati pa mbewu ndi aganyu, adzakuuza kuti "zinali bwinoko" kapena "tinangogwa nazo". Si kupusa ayi. Mayi anga amadziŵa mzere uliwonse wa munda wawo kuposa mmene ine ndimadziŵira mabuku a chaka chino. Koma mutu wa munthu sungapikisane ndi kope, ndipo kope lili mbali imodzi yokha ya sikelo.

Zimenezi si zachilendo, ndipo khofi yemweyo amene unamutcha wa azungu ndiye mboni. Mitengo yoyamba inafika ku Blantyre Mission mu 1878, itanyamulidwa ndi Jonathan Duncan kuchokera ku Edinburgh. M'zaka za m'ma 1890 khofi ndiye anali chuma cha atsamunda a ku Shire Highlands, mpaka mitengo yake pa msika wa dziko lonse itagwa iwo n'kutembenukira ku fodya, thonje ndi tiyi. Pa minda imeneyo ndi pamene thangata anakula. Munthu ankagwira ntchito kuti alipire malo okhala ndi msonkho wa nyumba, koma masiku amene wagwira ankalembedwa m'buku la bwana, ndi kapitawo wa bwana. Mwezi unkatha pamene bukulo lanena kuti watha. Madandaulo otere anamveka kwambiri za minda ya Bruce ku Magomero, kumene anthu a John Chilembwe anaukira mu Januwale 1915. Ife timaloŵeza chaka chimenechi kuti tikhoze mayeso, koma sitifunsa kuti buku la masiku ano lili m'manja mwa yani.

Lero mlimi wa ku Mchinji walembedwa paliponse. Walembedwa pa chiphaso cha unzika. Kuyambira mu 2020 pamene inayamba ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP, chiphasocho chinkaunikidwa ndi foni ya wogulitsa feteleza asanapatsidwe thumba. Walembedwa ndi a mabungwe obwera pa galimoto zoyera, amene amafunsa maekala, ana, mbuzi ndi nkhuku, nadinadina pa matabuleti awo. Walembedwa ndi a ngongole ndi a kontrakiti ya fodya. Onsewo amachoka ndi mbiri yake, iye n'kutsala ndi fumbi la galimoto. Mu 2024 dziko lino linakhala ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, la Data Protection Act, ndipo n'chinthu chabwino. Komabe lamulo limakupatsa ufulu wokapempha kuona zimene ena analemba za iwe. Kupempha ndi kukhala nazo m'nyumba mwako n'zinthu ziŵiri zosiyana.

Apa ndikufuna kulankhula ndi anzathu a maphunziro a kompyuta, pamodzi ndi aphunzitsi awo, mwaulemu wonse. Chaka chilichonse timaitanidwa kukaonerera mapulojekiti a omaliza, ndipo ambiri amati ndi "othandiza mlimi". Ndimaomba m'manja ngati wina aliyense. Koma ndikafunsa kuti mbiri za mlimiyo zikukakhala kuti, yankho limakhala dzina la kampani ya ku America kapena ku Ulaya imene yapereka malo aulere kwa miyezi ingapo. Ndikafunsa kuti netiweki ikathaŵa, monga imachitira kumidzi ya m'malire kumene foni imangodumphira ku nsanja za ku Zambia, pulogalamuyo ichita chiyani, amati zimenezo adzakonza mtsogolo. Ndikafunsa ngati mlimi angatulutse zolemba zake n'kuchoka nazo atatopa nawo, amandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro. Tikuphunzitsa akapitawo atsopano, odziŵa kulemba bwino m'buku la eni. Ndani mwa ife anaphunzitsidwapo kusunga kaseva kamodzi kamoyo kwa chaka chathunthu, m'nyumba yafumbi, pa batire la sola? Ntchito imeneyo ilibe ulemerero, ndipo n'chifukwa chake mulibe m'silabasi.

Wina anena kuti zimene ndachitazi sizingatheke pa khomo lililonse. N'zoona. Laputopu ikhoza kubedwa, ikhoza kupsa, chiswe ndi mphemvu sizilemekeza Linux. Wosunga zake yekha alibe wina womuimba mlandu zikatayika. Ine Loŵeruka lililonse ndimakopera fayilo ija pa fulashi, ndipo fulashiyo imagona m'sutikesi ya amayi. Ndipotu m'sutikesi momwemo ndi mmene ndinapeza chitsanzo choposa changa: timabuku ta kuchipatala ta banja lonse, tokutidwa m'pulasitiki. Dokotala amalemba, koma kabuku kamabwerera kunyumba ndi mwini thupi. Akasamukira ku Kasungu kapena ku Nsanje, mbiri yake imapita naye. Palibe amene amaseka mayi wonyamula kabuku ka mwana popita kusikelo. Nanga bwanji za thupi timavomereza kuti mwini asunge, koma za munda, za malonda ndi za thukuta timati asunge wogula?

Sabata yomaliza ya tchuthi ndinaonjeza tsamba lachiŵiri pa kapulogalamu kaja. Mizere yake ndi yomweyo ya khofi, ndinangosintha mayina: tsiku, mbewu, kulemera kwa kunyumba, kulemera kwa pa sikelo ya wogula, mtengo. Tinabwereka sikelo yopachika kwa aphunzitsi ena a pasukulu ya pafupi, tinayeza matumba atatu a mtedza wosenda tisananyamuke. Pamsika sikelo ya wogula woyamba inaonetsa kuti thumba lililonse n'lopepukirapo. Amayi sanakangane naye. Anangoti, "Bambo, kunyumba tayeza," namuuza chiŵerengero. Munthuyo anati sikelo yathu ndiyo yabodza. Mwina inalidi yabodza, poti nayonso inalibe chidindo. Tinakweza matumba panjinga n'kupita kwa wina, ndipo sikelo yake inayandikira kwambiri ku yathu.

Madzulo ake ndinaŵaonetsa amayi ziŵerengerozo pafoni. Anayang'ana nthaŵi yaitali, kenaka anatuma mlongo wanga kuti akatenge kope lake lakale la masamu limene linatsala masamba. Anati, "Zilembe umunso. Chako chija chikadzafa, ine ndidzafunsa ndani uli ku Zomba?" Ndinakopera zonse ndi bolopeni, iwo akuŵerenga mokweza kuti ndisalakwitse. Kopelo analiika m'sutikesi, pansi pa timabuku ta kuchipatala. Khofi amene ndinaŵafulira usiku umenewo, magalamu 15 pa 250, analaŵa kamodzi n'kupempha shuga masupuni atatu.