Akuti akazi sitifunsira? Bweretsani fomuyo tiwerenge limodzi

Asisi, achemwali, atsikana anzathu, pali mawu amene tatopa nawo. Mukafunsa chifukwa chake ndalama za kafukufuku wa uinjiniya zimangogwera anyamata, yankho limabwera msangamsanga ngati analoweza: "Mwayi timapereka kwa onse, koma akazi safunsira okha." Amanena akumwetulira, nkhani nkuthera pomwepo. Tinakula akutiuza kuti mkazi safunsira, amadikira kufunsiridwa. Pano mawu omwewo awanyamula awalowetsa mu ofesi. Ndiye lero fomu imene akuti sitidzazayo tabwera nayo, tiwerenge limodzi.

Poyamba timvane kaye. Fellowship ndi thandizo limene munthu wongoyamba kumene ntchito ya kafukufuku amalandira kwa chaka, zaka ziwiri kapena kuposerapo. Mumakhala ndalama yogulira zipangizo, yoyendera, nthawi zina ndi malipiro omwe. Woilandira amatulutsa mapepala a kafukufuku, mapepalawo amamukweza pantchito, ndipo zikapita zaka khumi ndi iyeyo amakhala pampando wosankha ena. Ukaphonya poyambira pamenepa, anzako kuwapeza kumavuta.

Mmodzi wa ife kwawo ndi ku Monkey Bay. Mayi ake amagula usipa ku Msaka nkumayanika pathandala. Aliyense wa kunyanja akudziwa zimene zimachitika dzinja likafika: kukachita mitambo masiku atatu, usipa umaola pathandala pomwepo, mpamba wonse nkupita. Mnzathuyu anaphunzira uinjiniya wa makina, nkuwonjezera digiri yachiwiri. Zoumitsira nsomba za pulasitiki zoyendera dzuwa zinayesedwa kale m'madoko ena a ku Mangochi ndi Salima. Iye amafuna kufufuza momwe choumitsira chotere chingagwirirebe ntchito dzuwa likasowa, komanso kuti chimangidwe ndi zinthu zimene mayi wa geni angazipeze pa Mangochi boma. Funso limeneli sanalitole m'buku. Analitola pamsana pa mayi ake. Dzina la yunivesite imene anafunsirako sititchula, chifukwa zimene anakumana nazo atsikana ena atiuza kuti anakumana nazonso kwina.

Mzere woyamba pafomu ndi tsiku lotsekera. Mnzathuyu anamva za mwayiwo kutatsala masiku anayi, kudzera pa chithunzi chimene wina anamuponyera pa WhatsApp. Anyamata amene anali nawo kalasi imodzi anali atadziwa kalekale. Anamva kuti? Poonera mpira ndi aphunzitsi awo, pomwe amamwera Lachisanu madzulo. Malo amenewo mtsikana ukapezekako, mawa lake dzina lako lili m'kamwa mwa aliyense. Ndiye masiku anayi amenewo ulembe ndondomeko ya kafukufuku, uwerengetse bajeti, upeze makalata, uli ku Monkey Bay, magetsi azima, bandulo yatha, mapepala ofunika chidindo ali kumzinda, ulendo wa tsiku lonse pa minibasi. Mwayi wolengezedwa chonchi ndi wa onse zoona?

Mzere wachiwiri: wofunsira akhale kuti sanapitirire zaka zakutizakuti chimalizireni digiri, kapena asapitirire msinkhu wakuti. Pongowerenga mumaona ngati lamuloli silikondera. Koma zaka zimene amati "kuyamba kumene ntchito" ndi zaka zomwezo zimene ambiri a ife timabereka. Mnzathuyu anabereka chaka chotsatira atamaliza digiri yachiwiri. Anayamwitsa, anagona m'chipatala mwana atadwala malungo, ndipo wotchi ya pafomu inkangoyendabe. Mnyamata amene anamaliza naye limodzi nayenso anali ndi mwana chaka chomwecho, koma ku labu sanajombe ngakhale tsiku limodzi, chifukwa kunyumba kunali wina wochapa matewera. Lamulo la ntchito la dziko lino limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8 pa zaka zitatu zilizonse, kusonyeza kuti boma likudziwa kuti kubereka kumadya nthawi. Ku Ulaya, bungwe la European Research Council limawonjezera miyezi 18 pa mwana aliyense kwa mayi wofunsira thandizo la ofufuza oyamba kumene. Ndi mzere umodzi basi pafomu, sumafuna ndalama ina iliyonse. Chikutikanika ifeyo nchiyani?

Mzere wachitatu ndi umene ambiri amaopa kuukamba: kalata yochokera kwa mkulu wa dipatimenti. Popanda kalata imeneyi fomu yako siwerengedwa nkomwe. Tsogolo lako lonse lili m'manja mwa munthu mmodzi, mu ofesi yotseka chitseko. Mnzathuyu atapita kukapempha kalata anauzidwa kuti, "Ubwerenso madzulo anthu akaweruka, tikambirane bwinobwino." Anapita kukafunsira fellowship, anabwerako atafunsiridwa iyeyo. Mawu amenewa sanali achilendo kwa iye. Amayi a m'madoko amawadziwa, nsomba zikachepa mwini boti akamasankha woti amugulitse. Kusiyana kwake, uyu anavala tayi. Madzulowo sanapite, kalata sinatuluke, tsiku linadutsa. M'kaundula analembedwa ngati mkazi wina amene sanafunsire.

Tisanamizane, akuluakulu a madipatimenti ambiri sachita zimenezi, ndipo alipo abambo amene atilemberapo makalata abwino osafuna kalikonse. Tikuwathokoza. Koma dongosolo limene limadalira kuti ugwe m'manja mwa munthu wabwino ndi dongosolo lowola. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana. Funso lathu nlakuti, mtsikana akakadandaula, kalata yake alemba ndani? Ngati yankho ndi munthu yemweyo, ndiye kuti lamulolo silinafike pa chitseko chimenechi.

Mzere wachinayi: wofunsira akhale wolembedwa ntchito pa yunivesite kapena malo a kafukufuku. Izi zili ngakhale pa mwayi wa akazi okhaokha. Bungwe la OWSD, la akazi a sayansi m'maiko osauka, kuyambira 2018 limapereka thandizo lofika madola 50,000 kwa mayi wongoyamba kumene kafukufuku, ndipo Malawi ili m'gulu la maiko ololedwa. Ndi mwayi wabwino kwambiri. Koma uyenera kukhala ndi PhD komanso ntchito pamalo otere. Ndiye khomo lenileni lili pa kulemba ntchito. Lamulo la 2013 lija limati polemba ntchito za boma, akazi kapena amuna asachepere 40 pa 100 iliyonse ndipo asapitirire 60. Koma lili ndi kakhomo kakumbuyo: limalola kulumpha chiwerengerochi ngati munthu woyenera sanapezeke. Mwaona tsopano ntchito ya mawu aja? "Akazi safunsira" ndi kiyi wa kakhomo kameneka. Ulengeze mochedwa, uike malire a zaka, kalata uisunge m'kabati, kenako ulembe mu lipoti kuti woyenera sanapezeke.

Tikudziwa zimene atiyankhe, tinazimvapo kale.

Ena ati, "Timasankha potengera luso." Ifenso luso timalifuna, palibe akupempha kuti amuchitire chifundo. Koma luso amaliyeza ndi chiwerengero cha mapepala, ndipo mapepala amatuluka kwa amene anatengedwa ndi mphunzitsi kupita naye kumunda kukatolera zofufuza. Mphunzitsi wamwamuna amatenga anyamata, akuti kuopa mijedo. Pakutha pa zaka zitatu mnyamata ali ndi mapepala anayi, mtsikana ali ndi limodzi. Sikelo yotereyi ikuyeza luso kapena ikuyeza amene anakwera galimoto?

Ena ati, "Mukulira chani, akazi ndi mabwana kale." Zoonadi, Pulofesa Address Malata anasankhidwa kutsogolera MUST ku Thyolo, mayi Nancy Chitera anasankhidwa kutsogolera MUBAS ku Chichiri, ndipo mayi Theresa Mkandawire anakhalapo mkulu wa nthambi yonse ya uinjiniya pa Poly. Amayi amenewa timawanyadira, ndipo ndi umboni wokwanira kuti nzeru si vuto. Koma maina atatu pamwamba sakutiuza kuti pansi pali angati. Ife tikufunsa za mtsikana wa zaka 28 amene ali pakhomo ndi fomu m'manja. Asagwiritse ntchito maina a amayi athuwa potitseka pakamwa.

Ena ati, "Vuto lili kumunsi, atsikana sakonda masamu ndi fizikisi." Apa pali choona. Sukulu zambiri zoyendera za m'midzi zilibe labu. Mu 2020, chaka cha Covid, boma la Mangochi lokha linamveka dziko lonse chifukwa atsikana oposa 7,000 anatenga mimba m'miyezi sikisi yoyambirira. Ndiye taganizani mtsikana amene wadutsa zonsezi. Wakana banja ali fomu 2, wakhoza masamu, wasankhidwa, wakhala m'kalasi ya anyamata okhaokha zaka zisanu. Ngati ofika pamenepa ndi ochepa chonchi, kutaya mmodzi chifukwa cha kalata ndi mlandu waukulu. Kuchepa kwathu ndi chifukwa choti atigwire ndi manja awiri.

Nkhaniyi ikukhudza nyanja yomwe. Ku Monkey Bay uinjiniya umauona ndi maso. Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa, nkuyamba kuyenda panyanja mu 1951, ndipo pakhomo pake ndi padoko lomwelo. Pali malo okonzera sitima, sukulu ya zapamadzi, ndi malo ofufuzira za nsomba. Pa Nkhudzi Bay pali makina oyeretsera madzi akumwa. Mu 2024 nyanja inakwera nkulowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo, anthu nkumafunsa za zitseko za madzi za pa Liwonde. Mafunso a kafukufuku ali mbwee. Koma funso limene limalandira ndalama ndi limene wofufuza waliona kuti nlofunika. Amene sanayanikepo usipa sadziwa kuti mitambo ya masiku atatu imachotsa mwana sukulu. Amene sanapiteko ndi mwana kukatunga kunyanja safulumira kuganiza za likodzo. Mukatsekera akazi kunja kwa labu, mafunso amenewa amatsala panja limodzi nawo.

Ndiye kwa mayunivesite onse amene amaphunzitsa uinjiniya, kwa National Commission for Science and Technology, ndi kwa mabungwe akunja amene amabweretsa ndalamazi, zofuna zathu ndi izi:

1. Mwayi uliwonse ulengezedwe poyera, patsamba la yunivesite ndi m'manyuzipepala, kutatsala masabata osachepera sikisi.

2. Malire a msinkhu achotsedwe. Ngati pali malire a zaka chimalizireni digiri, mayi awonjezeredwe nthawi pa mwana aliyense, ndipo zilembedwe pafomu pomwepo kuti asachite kupempha.

3. Kalata yovomereza isadalire munthu mmodzi. Pakhale ofesi ina imene ingasaine, pempho lizipita pa imelo, ndipo wokana alembe chifukwa chake.

4. Pakhale mwayi wa ofufuza amene sanalembedwe ntchito, yunivesite iziwasunga nthawi ya fellowship.

5. Chaka ndi chaka mutulutse manambala: anafunsira akazi angati, anaitanidwa angati, analandira angati. Ngati zoti sitifunsira nzoona, manambala akuikirani umboni. Mukuopa chani?

Kwa ife tokha, asisi, pamene tikumenya nkhondoyi tisasiye kufunsira. Mapepala ako a sukulu, pasipoti ndi CV zikhale mu foni ndi pa imelo kuyambira lero, zodindidwa kale. Lemba tsamba limodzi lofotokoza funso lako la kafukufuku, chifukwa chake nlofunika, ndi zimene ukufuna kuti uliyankhe, uzilikonza mwezi ndi mwezi. Usadikire kukwanitsa mfundo zonse za pafomu. Anyamata amatumiza ali ndi theka, ena nkudutsa. Ngati mfundo ina sikumveka, lembera eni ake ufunse, paja safunsa anadya phula. Kalata uipemphe pa imelo kuti patsale umboni. Akakuitana ku ofesi pita ndi mnzako, masana. Mauthenga okayikitsa usafufute. Kwa amene mukufuna PhD kunja, yang'anani Faculty for the Future ya Schlumberger Foundation, imene yakhala ikuthandiza akazi a sayansi ndi uinjiniya a m'maiko ngati lathu kuyambira 2004. Kawirikawiri amatsegula cha mu September, ndiye konzekani nthawi ilipo, chifukwa amafuna kuti mukhale mutafunsira kale malo pa yunivesite yakunja. OWSD nayonso yakhala ikupereka thandizo la PhD.

Inu achemwali amene munadutsa kale, muli ndi PhD kapena muli pa dipatimenti, tikukupemphani zinthu ziwiri. Mukamva mwayi, tumizani kuno tsiku lomwelo, musadikire kuti ufike pa bolodi. Ndipo mwezi uno werengani ndondomeko ya mtsikana mmodzi, muikonze ndi cholembera chofiira mopanda chisoni.

Mnzathu wa ku Monkey Bay uja akulembanso chaka chino. Ndondomeko yake ili pa tsamba lachisanu ndi chiwiri, wayamba kale kufunafuna wina woti amulembere kalata, ndipo tsiku lokatenga tipita naye awiri. Amene muli ndi nkhani ngati yake, tilembereni ku inbox, maina sititulutsa. Tikusonkhanitsa nkhanizi kuti tsiku limene wina adzanenenso kuti akazi safunsira, tidzamuyalire patebulo.