Kodi Chifalansa N'cha Ana a Yani?

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri m'midzi ya kwa Santhe, makamaka mwana akasankhidwa kupita ku sekondale. Mawuwo ndi akuti, "Chifalansa n'chotayitsa nthawi, Chingerezi chatikwanira." Onena zimenezi si anthu opepera ayi. Ena ndi aphunzitsi, ena ndi alembi a m'maofesi, ndipo potsimikiza mawu awo amatchula mwambi wa makolo wakuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Ine ndikutsutsa mawu amenewa. Tsono inu amene mwaphunzira kuwerenga muli akuluakulu, khalani pabwalo muweruze mlanduwu.

Ndiyambe ndi kuvomera zimene zili zoona. Chifalansa sindicho chinenero chachikulu koposa pa dziko lapansi. Bungwe la maiko olankhula Chifalansa linawerenga mu 2022 ndi kupeza anthu mamiliyoni 321 ochidziwa, ndipo linachiika pa malo achisanu, pambuyo pa Chingerezi, Chitchaina, Chihindi ndi Chisipanishi. Kale mafumu a ku Ulaya ankalemba mapangano awo m'Chifalansa, koma mu 1919, itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pangano la ku Versailles linalembedwa m'Chifalansa ndi m'Chingerezi momwe. Kuyambira pamenepo Chingerezi chakhala chikukwera. Mwana wa kuno wosadziwa Chingerezi sangapite patali ndi sukulu, ndipo palibe amene akuti achisiye. Koma kodi munthu akakhala ndi khasu labwino amataya nkhwangwa?

Tiyeni tilondole belo limodzi la fodya. Mlimi amafesa panazale, amaokera, amathyola, amasoka, amayanika m'chigafa, nadinda belo lake. Beloli limapita ku okushoni ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Mlimi akalandira ndalama zake amayesa kuti ulendo wa fodya wathera pomwepo, pamene ndipo wangoyamba. Fodyayo amatsikira kunyanja, nakwera sitima ya pamadzi, ndipo wambiri amakatsikira ku Belgium, pa doko la Antwerp. Sindikunamizani: anthu a ku Antwerp amalankhula Chidatchi. Koma likulu la dzikolo, Brussels, kumenenso kuli maofesi aakulu a mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, anthu ambiri amalankhula Chifalansa. Kampani ya JTI, imene imagula fodya kuno kwathu, likulu lake lili ku Geneva m'dziko la Switzerland, mzinda wolankhula Chifalansa. Ku Geneva komweko kuli bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, limene mu 2003 linakonza pangano lochepetsa kusuta fodya, ndipo dziko la Malawi linalowa m'panganolo mu 2023. Taonani tsono: ogula fodya wathu ndi ofuna kuti anthu aleke kumusuta akhala mumzinda umodzi, ndipo zimene amapangana kumeneko zimafika mpaka m'chigafa cha kwa Santhe.

Ngakhale dzina la chinthu choledzeretsa chija cha m'fodya, nikotini, ndi la Mfalansa. Jean Nicot anali kazembe wa dziko la France ku Portugal, ndipo cha m'ma 1560 anatumiza fodya kwawo namutama kuti ndi mankhwala. Anthu anamukhulupirira, ndipo dzina lake linakakamira pa tsambalo kufikira lero.

Wina adzati, "Ku misonkhano ya ku Geneva kuli omasulira." Inde alipo. Bungwe la United Nations lili ndi zinenero zisanu ndi chimodzi: Chingerezi, Chifalansa, Chisipanishi, Chirasha, Chitchaina ndi Chiarabu. Koma pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ya ku likulu lake zinasankhidwa ziwiri zokha, Chingerezi ndi Chifalansa. Komanso aliyense amene anakhalapo pa mlandu wa kwa mfumu adziwa kuti nkhani zambiri zimapsa panjira ndi kuseri kwa nyumba, bwalo lisanakhale. Womasulira amakhala m'chipinda cha msonkhano, satsata munthu kukhonde. Nthumwi yathu ikafuna kuti nthumwi ya ku Senegal kapena ya ku Cameroon iime nayo pa nkhani ya alimi, iyenera kuilankhula yokha, pakamwa ndi pakamwa.

Apa ndipo pagona nkhani yanga. Anthu amayesa kuti Chifalansa n'cha ku Paris. Chimenecho n'cholakwa chachikulu. Mwa anthu onse amene amalankhula Chifalansa tsiku ndi tsiku, oposa theka ali mu Africa muno. Mzinda wa Kinshasa ku Congo uli ndi anthu ambiri kuposa Paris. Ndipo Congo sali kutali monga tiganizira: munthu wochoka ku Kasungu akadutsa Zambia yekha wafika ku Lubumbashi. M'bungwe la SADC, limene dziko lathu lilimo, muli maiko asanu ogwiritsa ntchito Chifalansa: Congo, Madagascar, Mauritius, Seychelles ndi Comoros. Bungwe la zamalonda la COMESA, limene likulu lake lili ku Lusaka, limagwira ntchito m'Chingerezi, m'Chifalansa ndi m'Chiarabu. Maofesi amenewa amalemba anthu ntchito, ndipo wodziwa zinenero ziwiri amakhala patsogolo pa wodziwa chimodzi. Kodi malo amenewo tidzawasiyira ana a anzathu mpaka liti?

Ndiponso sitisowa kuwoloka malire kuti timve Chifalansa. Ku Dowa, boma loyandikana ndi lathu, kuli msasa wa Dzaleka umene unatsegulidwa mu 1994. Muli anthu oposa 50,000 othawa nkhondo, ambiri a iwo ochokera ku Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda. Pakati pawo amalankhula Chiswahili, Chirundi ndi Chinyarwanda, koma amene anapita kusukulu kwawo, makalata awo a sukulu ndi a ubatizo ambiri analembedwa m'Chifalansa. Namwino, wapolisi ndi woweruza milandu a ku Malawi amakumana nawo anthuwa, ndipo munthu wodwala kapena wozengedwa mlandu akapanda womumva bwino, chimene chimatayika si mawu okha. Kumbukiraninso asilikali athu. Kuyambira mu 2013 anatumizidwa kum'mawa kwa Congo pamodzi ndi a ku Tanzania ndi a ku South Africa, ndipo mu 2018 asanu ndi mmodzi a iwo anaphedwa pafupi ndi Beni. Anyamata otere amachokera m'midzi ngati yathuyi. Tikawatuma ku dziko limene malamulo, zikwangwani ndi makalata a boma zili m'Chifalansa, si bwino kuti apite ali ogontha.

Tsono ndimve otsutsa a mtundu wina, amene mawu awo ali ndi mphamvu kuposa oyamba aja. Iwo amati Chifalansa n'chinenero cha atsamunda ndipo eni ake a mu Africa akuchitaya. Amatchula Rwanda, amene mu 2008 anasintha kuti ana aziphunzira m'Chingerezi. Amatchula Gabon ndi Togo, amene mu 2022 analowa m'bungwe la Commonwealth. Amatchula Mali, amene mu 2023 anachotsa Chifalansa pa mpando wa chinenero cha boma. Zonsezi zinachitikadi. Koma lamulo lomwelo la ku Mali linasiya Chifalansa kuti chikhalebe chogwirira ntchito, pakuti kukwiyira mlendo n'kwina, kusintha mabuku onse a m'makhoti ndi a m'zipatala n'kwinanso. Ku Congo kuli zinenero zoposa 200. Wa ku Kinshasa amalankhula Chilingala, wa ku Lubumbashi Chiswahili, ndipo akafuna kulemberana za boma amakumana m'Chifalansa. Nanga za utsamundazo, kodi Chingerezi chinamera pa chulu cha kwa Santhe? Nachonso chinabwera ndi atsamunda, ndipo tinachilanda n'kuchiyesa chida chathu.

Ena amati bwanji osaphunzira Chipwitikizi, popeza Mozambique watizungulira ndipo katundu wathu amadzera ku Beira ndi ku Nacala. Amenewa sindikangana nawo. Chiphunzitsidwe ndithu. Koma ndaona kuti ambiri otchula Chipwitikizi sakufuna kuti chiphunzitsidwe. Akungofuna chokanira Chifalansa.

Chimene chimandiwawa ndi ichi. M'boma lathu lomweli la Kasungu, ku Mtunthama, kuli sukulu ya Kamuzu Academy imene inatsegulidwa mu 1981. Ana a kumeneko amaphunzira Chilatini, Chigiriki ndi Chifalansa, ndipo sindinamvepo kholo la kumeneko likudandaula kuti mwana wake akutaya nthawi. Chifalansa chilipo pa mayeso a Fomu 4, ndipo ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba chimaphunzitsidwa. Koma m'sukulu zambiri zoyendera za kumidzi mulibe mphunzitsi wake, kotero kuti mwana wa tenanti sasankha kuchisiya: sanapatsidwe n'komwe. Tsono mawu aja akuti Chingerezi chatikwanira amanenedwa kwa ana a alimi okha. Anthu amene amatiuza kuti n'chopanda pake, ana awo akuchiphunzira.

Musaganize kuti ndikunyoza Chichewa chimene mukuwerengachi. Ansembe oyamba a Katolika amene anafika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902, ambiri anali olankhula Chifalansa. Anali amuna aakulu, a ndevu zawo, koma anakhala pansi naphunzira chinenero chathu liwu ndi liwu, pakuti anadziwa kuti wofuna kumvedwa ndiye ayenera kuphunzira chinenero cha mnzake. Sanataye Chifalansa chawo pophunzira Chichewa, monganso mwana wanu sadzataya Chichewa pophunzira Chifalansa. Inu nomwe mwayamba kale. Amene munalandirapo kalata ya pandege yochokera ku Joni mudzakumbukira timawu tiwiri tolembedwa pa envulopu, takuti Par Avion. Chimenecho n'Chifalansa, kutanthauza kuti "pa ndege", ndipo chinalembedwa pamenepo chifukwa bungwe la mapositi a dziko lonse, limene linakhazikitsidwa mu 1874, chinenero chake ndi chimenechi.

Chifukwa chake pa msonkhano wotsatira wa makolo ndi aphunzitsi, nkhani ya njerwa ndi ya madesiki ikatha, mmodzi wa inu aimirire afunse ngati pasukulupo pali mphunzitsi wa Chifalansa. Akayankha kuti palibe, komiti ilembe kalata yopempha kwa akuluakulu a maphunziro ku Kasungu, mfumu isindikize chidindo chake, ndipo inu amene tsopano mudziwa kugwira cholembera mulembe maina anu m'munsi mwake.