NG'OMBE YOKALAMBA SI YAULESI

Anzanga ophunzira ndi inu aphunzitsi athu, ndapempha malo m'magazini athu ano kuti ndilankhulireko antchito ena amene salandira malipiro, ndiponso alibe pakamwa podandaulira. Antchitowo ndiwo ng'ombe ndi abulu okoka ngolo.

Munthu aliyense woyenda pa msewu wa ku Mchinji, kuchokera pa Njewa kupyola pa Mpingu kufikira pa Namitete, amakumana nazo nyamazi tsiku ndi tsiku. Zimatuta chimanga, fodya, njerwa, mchenga ndi feteleza. M'midzi yambiri ngolo ndiyo imanyamula wodwala usiku kunka naye ku chipatala cha St Gabriel's pa Namitete, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 1959. Ntchito yotukula ulimi m'boma la Lilongwe, imene inayamba mu 1968 ndi ndalama za World Bank, inalambula misewu ndi kulimbikitsa agogo athu kulima ndi ng'ombe. Kufikira lero mabanja ambiri, kuphatikizapo amene amatilipirira sukulu fizi, amadya za pa ngolo.

Tsono ng'ombe ija ikakula, niyamba kutsalira m'mbuyo mwa inzake, timati yayamba ulesi, ndipo timaonjeza chikwapu. Ine nditi ulesi palibe. Nyamayo ilikumva kuwawa m'mfundo za miyendo, ndipo kawirikawiri nthendayo inabzalidwa kale, iyo ili yaing'ono, ndi anthu omwe alikuikwapulawo.

Kuti timve bwino, tiyeni tione za ku maiko kumene ntchito yotereyi inkagwiridwa ndi mahatchi, amene kuno kwathu ngosowa. Ku England kuli mahatchi aakulu otchedwa Shire. Dzinali limalembedwa ngati la mtsinje wathu, koma limatchulidwa mwina. Hatchi imodzi yotere itha kulemera makilogalamu 1,000, ndiko kuti matumba 20 a chimanga. Mahatchiwa ankakoka makasu ndi magaleta mathirakitala asanachuluke. Hatchi yosamalidwa bwino imafika zaka 25 kapena 30, koma eni ake anaona kuti chimene chimayamba kugonja ndi miyendo, makamaka yakutsogolo, pakuti imeneyi imasenza pafupifupi magawo 6 mwa magawo 10 a thupi lonse. Chotero alimi anzeru a kumeneko anaphunzira kusafulumira kumanga mwana wa hatchi ku katundu wolemera, kuwenga ziboda masabata 6 kapena 8 alionse, ndi kupeputsa ntchito ya hatchi yokalamba. Nzeru imeneyi iyenera ng'ombe ndi bulu yemwe, popeza miyendo yawo inapangidwa mofanana.

Pamene mafupa awiri akumana, nsonga zake zinakutidwa ndi chicherewecherewe chosalala, chonga chija timatafuna tikamadya nkhuku. Pakati pake pali timadzi toterera, togwira ntchito yonga ya girizi mu gudumu la ngolo. Chicherewecherewe chilibe mitsempha ya magazi, choncho chikaperepeseka sichibwerera msanga monga limapolera bala la pakhungu. Chikatha, fupa limakhulana ndi fupa linzake, mfundo imatupa niiuma, ndipo nyama imamva nyamakazi yonga ya agogo athu. Zizindikiro zake nzosavuta kuona: kuchedwa kudzuka, kuyenda mouma m'mawa mwa Juni ndi Julayi, kuponda timapazi tatifupi, kugwedeza mutu poyenda, ndi kukonda kugona pansi zinzake zikudya.

Kodi chimapha mfundozi nchiyani? Choyamba ndicho kufulumira. M'mera mpoyamba. Thole la chaka chimodzi ndi theka mafupa ake sanakhwime, koma ena alimanga kale pa goli kuti litute njerwa. Njira yodziwira msinkhu ili m'kamwa: mano aakulu akutsogolo amayamba kutuluka ng'ombe ili pafupi ndi zaka 2, ndipo onse 8 amakwana itafika zaka 4 kapena 5. Yaing'ono iphunzitsidwe ndi chipika chopepuka, katundu weniweni adikire mano. Bulu nayenso asasenze zolemera asanafike zaka 3 kapena 4.

Chachiwiri ndicho katundu ndi liwiro. Matumba 20 m'ngolo ndiwo tani imodzi, ndipo pa chitunda kapena mu mchenga kulemerako kumaonjezereka pa nyama. Mateyala ophwa amaonjezanso mavuto. Koma choipa koposa ndi mpikisano wa anyamata pa tala pobwerera ku msika, ngolo ili yopanda kanthu. Ng'ombe inalengedwa kuti iyende, ndipo kuthamanga pa msewu wouma kuli ngati kumenya mfundo zake ndi nyundo.

Chachitatu ndicho khola. Nthawi ya dzinja makola ambiri amasanduka thope la ndowe lofika m'maondo. Ziboda zimafewa, pakati pake pamaola, ndipo nyama imayamba kupondera mbali pothawa ululu. Mwendo wopondera mbali umapotoza mfundo zonse za pamwamba pake. Chimodzimodzinso ziboda zotalika zosawengedwa.

Chachinayi chikhudza abulu. Goli linapangidwira ng'ombe, imene ili ndi linunda ndi khosi lamphamvu. Bulu mphamvu zake zili pa chifuwa, ndipo ayenera kukoka ndi lamba wotambalala wa pachifuwa. Pomumanga goli la ng'ombe timamutupsa khosi, ndipo iye amayenda mokhota masiku onse a moyo wake. Bulu atha kukhala zaka zoposa 30, koma ambiri okoka ngolo safika ndi theka lomwe ali olimba.

Nanga nyama imene yakalamba kale tiichitire chiyani? Tisaisiye chigonere m'khola, pakuti mfundo yosayenda imaumiratu. Iyende pang'onopang'ono tsiku lililonse, ndipo m'mawa ipatsidwe nthawi yoongola miyendo isanamangidwe. Igwire ntchito kukali kozizira bwino, nipumule dzuwa likafika pamutu. Pogona pake pakhale pouma, pokwera, poyalidwa udzu kapena mapesi. Mano ake akatha, ipatsidwe madeya onyowetsa, masangwe a mtedza, mchere pang'ono ndi madzi okwanira. Isamangidwe goli limodzi ndi yaing'ono yamphamvu, chifukwa idzakokedwa ngati katundu. Mfundo ikatupa ndi kutentha, tiitane alangizi a ziweto msanga. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mankhwala a anthu asaperekedwe kwa nyama popanda uphungu wawo.

Ndidziwa kuti wina adzati: "Iwe mwana wa sukulu, banja losauka lingadyetse bwanji ng'ombe yosagwira ntchito?" Funsoli nlabwino, ndipo sindilinyoza. Sindikunena kuti ng'ombe isungidwe kufikira ife yokha. Kuipumitsa, kuinenepetsa ndi kukaigulitsa pa msika wa Nsaru kapena Msundwe ikali ndi thupi si nkhanza, ndiponso mwini wake apeza ndalama yogulira thole lina. Nkhanza ndiko kuikokesa ili yotsimphina kufikira itagwa pa msewu, pamene ogula nyama adzaigula pa mtengo wa mbuzi. Bulu yekha, amene kuno sadyedwa, apatsidwe ntchito yopepuka monga kutunga madzi pafupi. Chifundo ndi phindu zili njira imodzi: ng'ombe imene ikoka zaka zambiri ndiyo imabweza ndalama zimene inagulidwira.

Tikumbukirenso kuti dziko lathu lili ndi lamulo loteteza nyama, loletsa kuzimenya mwankhanza ndi kuzisenzetsa mopyola muyeso. Mu mzinda wa Lilongwe mulinso bungwe la LSPCA, limene linayamba mu 2008, loona za umoyo wa nyama. Koma lamulo silikwera ngolo. Amene amakwera ngolo ndife, Loweruka ndi pa tchuthi, chikwapu chili m'manja mwathu.

Chifukwa chake ndipempha anzanga kuti tchuthi chikudzachi aliyense ayang'ane mano, ziboda ndi maondo a nyama za kwawo, nauze makolo mwaulemu zimene waona. Inu aphunzitsi a zaulimi, tikupemphani kuti tsiku lina mutiitanire mlangizi wa ziweto, kapena mutitengere ku Chitedze, kumene kafukufuku wa ulimi anayamba mu 1948, kuti tikaone ndi maso athu kasamalidwe koyenera. Makolo athu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ng'ombe imene inatuta chimanga chimene tinakulira isaone chikwapu pa tsiku limene mwendo wake wafooka.

Wophunzira wa Fomu 3